Nkhodolero ndi mpatuliro m'Chingerezi: lipoti la ntchito ya teremu imodzi mu Sitandade 7

Lipotili ndi la ntchito yomwe ndinagwira ndi ana a Sitandade 7 pasukulu ina ya boma m'boma la Ntcheu, m'teremu yachiwiri. Cholinga chinali choti ana adziwe kukonza okha zizindikiro za m'kalembedwe pa zomwe alemba m'Chingerezi asanapereke kope kwa mphunzitsi. Ndinatenga zizindikiro ziwiri zokha, nkhodolero (apostrophe) ndi mpatuliro (comma), chifukwa ndi zomwe zinkandithera inki yofiira kuposa zina zonse. Ndalembera aphunzitsi anzanga a makalasi akuluakulu a pulayimale, ndiponso makolo amene amakhala ndi ana pa homuweki madzulo. Dzina la sukulu ndi mayina a ana sindinatchule.

Kalasi yake

Lamulo la maphunziro la 2013 limati ana aziphunzira m'Chingerezi, koma aliyense amene anaimapo kutsogolo kwa ana a Sitandade 2 akudziwa kuti phunziro limayenda m'chiyankhulo chomwe anawo amamva. Chingerezi chimayamba kusenza maphunziro ambiri mu Sitandade 5. Choncho mwana wa Sitandade 7 amakhala asanathe zaka zambiri akulemba ndime zathunthu m'Chingerezi, pomwe mayeso a PSLCE a bungwe la MANEB ali pakhomo chaka chamawa. Kutsogolo kwakenso, satifiketi ya MSCE siperekedwa kwa amene walephera Chingerezi, ngakhale atakhoza bwanji maphunziro ena.

Kalasi yanga inali yodzaza monga zakhalira m'sukulu zambiri chiyambire maphunziro aulere mu 1994. Unduna umafuna ana 60 pa mphunzitsi mmodzi, ife tinali titadutsa pamenepo. Buku limodzi la ku MIE, bungwe lokonza mabuku a sukulu ku Domasi, ankagwirizira ana angapo, ndipo silinkapita kunyumba. Ndikutchula izi chifukwa zizindikiro munthu amazizolowera poziona m'zowerenga. Kunja kwa kalasi, Chingerezi cholembedwa chomwe ana anga ankachiona tsiku ndi tsiku chinali cha pa zikwangwani za magolosale ndi masaluni, ndi mauthenga a pa WhatsApp pafoni ya achimwene awo.

Zomwe makope anaonetsa

Ndinayamba ndi kuwerenganso zimangirizo za teremu yoyamba, ndikulemba papepala lapadera cholakwa chilichonse chomwe chinkabwerabwera. Pa nkhodolero panali zinthu ziwiri zotsutsana. Pomwe imafunika, panalibe: "my mothers garden", "the teachers house". Pomwe sifunika, inalipo: "two goat's", "tomatoe's", ngakhale pa mneni, "she cook's nsima". Nthawi zina zonsezi zinkapezeka m'kope limodzi, patsamba limodzi. Pa mawu ofupikitsa, ana ambiri ankadziwa kuti nkhodolero ikufunika koma ankaiika polumikizira mawu awiriwo, n'kulemba "did'nt" ndi "is'nt".

Mpatuliro unkagwira ntchito ya mpumiro. Mwana ankatha kulemba theka la tsamba ndi mipatuliro yokhayokha, mpumiro n'kudzabwera kumapeto kwenikweni. Ena ankaika mpatuliro pakati pa mwininkhani ndi mneni: "My mother, sells tomatoes."

Chomwe chinandigwira mtima ndi ichi. Nditafunsa kalasi ntchito ya nkhodolero, onse anayankha pamodzi ngati nyimbo: "An apostrophe shows possession." Lamulolo analiloweza kale mu Sitandade 5 ndi 6. Nditatsegula makope awo a Chichewa, ana omwewo ankalemba m'munda, n'kupita ndi ng'ombe mosalakwitsa. Si ana opanda nzeru, ndipo chizindikirocho sichinali chachilendo kwa iwo. Lamulo linali pakamwa koma silinkafika ku dzanja.

Chifukwa chake n'chiyani

Khutu silithandiza pa nkhodolero ya umwini. Mawu akuti boys, boy's ndi boys' amamveka chimodzimodzi. Mwana wathu anaphunzira kulemba Chichewa pomvetsera maphatikizo, ndipo njira imeneyi yamuthandiza nthawi zonse, chifukwa Chichewa timachilemba pafupifupi monga timachitchulira. Apa pokha njirayo ikumusiya panjira. Ayenera kuganiza za tanthauzo la chiganizo asanaike kanthu.

Komanso Chichewa chimasiyanitsa zinthu zomwe Chingerezi chimaunjika pa lembo limodzi. Kuchuluka timakusonyeza kumayambiriro kwa dzina: mnyamata, anyamata. Umwini uli ndi timawu take: buku la mnyamata, nyumba ya anyamata, ndipo chinthu chimatsogola, mwini wake n'kubwera pambuyo. Chingerezi chimatsogoza mwini, kenaka s mmodzi yemweyo wakumapeto akusonyeza kuchuluka pa goats, umwini pa goat's ndi mneni pa cooks. Mwana akaona pamsika palembedwa "chip's" ndi "phone's" ndi utoto waukulu, amaganiza kuti s wakumapeto amayenda ndi nkhodolero basi.

Vutoli si lathu lokha. Mu 1997 Peter Bryant, Terezinha Nunes ndi anzawo ku England anafalitsa kafukufuku woonetsa kuti ana a kumeneko a m'makalasi omaliza a pulayimale, omwe Chingerezi ndi chiyankhulo chawo chobadwa nacho, ankavutika kwambiri ndi nkhodolero ya umwini, ndipo kuti kuwaphunzitsa kusiyanitsa umwini ndi kuchuluka kunkathandiza. Silabasi ya ku England ya 2014 imagawa phunziroli m'zaka: ana a zaka 6 ndi 7 amaphunzira nkhodolero ya mawu ofupikitsa ndi ya mwini mmodzi, ndipo ya eni ambiri imadikira mpaka ali ndi zaka 8 kapena 9. Ngakhale akuluakulu a kumeneko amalimbana nayo. Mu 2009 khonsolo ya mzinda wa Birmingham inaganiza zosiya kuika nkhodolero pa zikwangwani za mayina a misewu. Ife nthawi zambiri timafuna kuti mwana amene Chingerezi ndi chiyankhulo chake chachiwiri ameze zonsezi m'phunziro limodzi la mphindi 35.

Pa mpatuliro, gwero lalikulu ndi lamulo lomwe tonse tinakulira nalo: ika mpatuliro pomwe wapumira. Mwana wa Chichewa amapumira atatchula munthu amene akufuna kukamba za iye. Timatero poyankhula: mayi anga, amagulitsa tomato. Ndiye akamvera lamulolo mokhulupirika, amadula chiganizo cha Chingerezi pamalo pomwe sichidulidwa. Lamulo la kupumira ndinalichotsa m'kalasi mwanga, ndipo ndikupempha anzanga aliganizirenso.

Kusintha kwa kachongedwe

Chinthu choyamba kusintha sichinali phunziro koma cholembera changa chofiira. Mphunzitsi akaika yekha nkhodolero yomwe yasowa, wokonza ndi mphunzitsi. Mwana amangoyang'ana malikisi pansi pa tsamba n'kutseka kope. Ndinayamba kuika kadontho m'mphepete mwa mzere womwe uli ndi vuto, osasonyeza mawu ake. Mwana apeze yekha, akonze ndi pensulo, ndipo anene chifukwa. Ndinawauza kuti m'kalasi muno chizindikiro chilichonse chiyenera kukhala ndi ntchito yomwe mwini kope angaitchule. Chopanda ntchito chichoke.

Tsiku lililonse phunziro la Chingerezi linkayamba ndi mphindi zochepa za kukonza ziganizo pabolodi. Ziganizozo ndinkazitenga m'makope awo omwe, nditasintha mayina ndi malo kuti mwini wake asadziwike, chifukwa mwana akasekedwa kamodzi salembanso momasuka. Tsiku limodzi, vuto limodzi. Pakati pa ziganizozo ndinkaikapo china chopanda cholakwa chilichonse, kuti asazolowere kuganiza kuti mzere uliwonse uyenera kuthiridwa kanthu. Tikamaliza ndinkafufuta zolakwikazo msanga, ndipo m'makope munkalowa zokonzedwa zokha. Aphunzitsi ena sakonda kulemba cholakwa pabolodi poopa kuti chikhazikika m'maso mwa ana. Mantha amenewa ndi oona, n'chifukwa chake cholakwa chisagone pabolodi. Koma mwana amene sanaonepo cholakwa chikukonzedwa sangadziwe kukonza chake.

Mphindi za pabolodizi pazokha sizikwanira, ndipo zikasiyidwa zokha zimasanduka masewera a kulozaloza. Zikatha, mwana aliyense ankatsegula chimangirizo chake chaposachedwa n'kufunafuna vuto lomwelo m'ndime imodzi. Apa ndi pomwe panali ntchito yeniyeni. Mu 2007 Steve Graham ndi Dolores Perin ku America anasonkhanitsa kafukufuku wambiri wa kaphunzitsidwe ka kulemba, ndipo anapeza kuti kuphunzitsa malamulo a chiyankhulo paokha sikukweza luso la kulemba, pomwe kuphunzitsa ana kulumikiza ziganizo kumathandiza. Mu 2012 Debra Myhill ndi anzake a ku yunivesite ya Exeter anapeza kuti malamulo amathandiza akaphunzitsidwa mkati mwa zomwe ana akulemba, ngakhale kuti omwe anapindula kwambiri anali ana okhoza kale. Mfundo yomalizayi ndinaisunga m'mutu, chifukwa ana omwe ankandidetsa nkhawa sanali okhoza kale.

Nkhodolero ya malembo osiyidwa

Tinayambira pomwe ana anali ndi maziko. Ndinalemba pabolodi mu nyumba ndi m'nyumba, ndi kupita ndi n'kupita, n'kufunsa kuti chasowa n'chiyani. Manja anakwera kalasi yonse. Nkhodolero yaima pomwe panali u, yaima pomwe panali di. Kenaka tinadula katoni, lembo lililonse pa kachidutswa kake, monga timachitira ndi TALULAR, njira yophunzitsira ndi zipangizo zopezeka m'dera lathu lomwe. Ana anaima kutsogolo atanyamula malembo a did not. Wonyamula o anatuluka pamzere, wonyamula nkhodolero n'kulowa pamalo pake penipeni. Wina akafuna kukaima pakati pa d ndi n, kalasi inkamubweza: pamenepo sipanachoke munthu. Cholakwa cha "did'nt" chinachepa mofulumira kuposa china chilichonse m'teremuyi.

Mawu a won't ndinangowauza kuti aloweze, chifukwa satsata njira ya anzake. Pa its ndi it's tinagwiritsa ntchito kutambasula: werenga ngati it is kapena it has, zikamveka, ika nkhodolero. "The dog wagged it is tail" sizikumveka, ndiye palibe nkhodolero. Ndinawakumbutsanso kuti his ndi hers, omwe amasonyeza umwini, alibe nkhodolero, ndipo its ali m'gulu lomwelo. Pomalizira ndinawachenjeza kuti m'kalata yopempha ntchito kapena yopita kwa a hedi, ndi bwino kulemba mawu athunthu.

Mwana wina anafunsa kuti nanga pa ng'ombe pachoka lembo liti. Silinachoke lililonse. Nkhodolero ya pa ng' imasiyanitsa liwu la mu ng'oma ndi la mu ngoma, nyama ya kutchire ija. Funsoli linandithandiza kwambiri, chifukwa ana anaona okha kuti ngakhale m'Chichewa chizindikiro chimodzichi chili ndi ntchito ziwiri. Anali okonzeka kumva kuti m'Chingerezi chilinso ndi ntchito yachiwiri.

Nkhodolero ya umwini

Apa tinakhalitsa. Njira yomwe inagwira inali yodzera m'Chichewa mwadala. Mwana akakayika pa "the boys house", ayambe wadzifunsa: nyumba ya ndani? Ya mnyamata kapena ya anyamata? Chichewa sichimulola kuzemba funsoli, ayenera kusankha. Akasankha, alembe mwiniyo m'Chingerezi monga alili, boy kapena boys, kenaka aike nkhodolero pambuyo pake. Ngati dzina la eni ambiri latha kale ndi s, nkhodolero yokha yakwana. Ngati ayi, awonjezere s. Potsimikiza, aphimbe ndi chala kuyambira pa nkhodolero kupita kumanja. Chotsala chiyenera kukhala mwini. Pa boy's patsala boy, pa boys' patsala boys, pa children's patsala children. Wolemba "childrens'" akaphimba amatsala ndi mawu omwe kulibe m'Chingerezi, ndipo amadzigwira yekha.

Sindinagwiritse ntchito mawu akuti nkhodolero isanafike s kapena itadutsa s, monga mabuku ambiri amanenera. Mawu amenewa amatumiza maso a mwana ku s. Ine ndinkafuna maso apite kwa mwini.

Tchuthi cha pa 3 Malichi chinagwa mkati mwa teremu, ndipo chinatipatsa chitsanzo chabwino kuposa cha m'buku. Tinalemba Martyrs' Day pabolodi n'kuphimba ndi dzanja. Kunatsala martyrs, ambiri, chifukwa tsikuli timakumbukira anthu ambiri, kuphatikizapo omwe anaphedwa mu 1959 ku Nkhata Bay ndi madera ena. Kusuntha nkhodolero ndi lembo limodzi kukanasandutsa anthu onsewo kukhala munthu mmodzi. Tinayerekeza ndi St Peter's Cathedral ya pa Likoma ndi St Luke's Hospital ya ku Malosa, pomwe pamatsala dzina limodzi. Pa mayina othera ndi s monga James, ndinawauza zoona kuti James's ndi James' zonse zimapezeka m'mabuku abwino, asankhe imodzi n'kuisunga.

Ndinawafotokozeranso pang'ono mbiri yake, chifukwa ana a msinkhu uwu amafuna kudziwa kuti lamulo linachokera kuti. Nkhodolero inalowa m'Chingerezi m'zaka za m'ma 1500 kuchokera ku Chifalansa, ndipo ntchito yake inali kusonyeza lembo losiyidwa. Chingerezi chakale chinkasonyeza umwini ndi es kumapeto kwa mayina ambiri, ndipo e uja atasowa, nkhodolero inakhala pamalo pake. Kalembedwe ka eni ambiri monga boys' kanakhazikika mochedwa, m'zaka za m'ma 1800. Ntchito ziwirizi n'zapachibale.

Mnyamata wa nkhodolero paliponse

Titamaliza maphunziro a umwini, makope anaipa kuposa poyamba. Nkhodolero zinamera pa s aliyense. A PEA, mlangizi wa maphunziro a pulayimale m'dera lathu, atabwera kudzaona kalasi anafunsa za zimenezi, ndipo ndinawaonetsa makope a teremu yoyamba pambali pa atsopano. Poyamba ana sankaona s konse. Tsopano ankamuona ndipo ankadziwa kuti pali chosankha, kungoti sankasankha bwino. Mphunzitsi amene ayese njirayi ayembekezere nyengo imeneyi, asabwerere m'mbuyo.

Mnyamata wina, wokhoza masamu kwambiri, ndiye anapitirira onse. Ndinamuitana pa buleki ndi kope lake n'kumulozera "three goat's".

"Iwe, nkhodolero iyi ikumuuza chiyani wowerenga?"

"Palibe, Madamu."

"Nanga waiikiranji?"

"Ndikapanda kuika mwina mundichongera cholakwa. Ndikaika paliponse, zina zikhoza."

Mwanayu anali atawerengera bwino. Kachongedwe kathu kamalanga chizindikiro chosowa kuposa chowonjezera, ndipo iye anangotsata phindu. Kuyambira tsiku limenelo ndinalengeza kuti nkhodolero yopanda ntchito ndi cholakwa chofanana ndi yosowa. Ndinawonjezanso lamulo la kamuvi: nkhodolero iliyonse m'ndime yomwe ukukonza, ujambule ndi pensulo kamuvi kopita ku chinthu cha mwiniyo, kapena ulembe pamwamba malembo omwe achoka. Pa "the goat's rope" kamuvi kapita ku rope. Pa "three goat's were eating" kamuvi kalibe kopita, ndiye nkhodolero ifufutidwe.

Kalasi yonse inachitanso ntchito yosanja. Ndinalemba ziganizo zazifupi pa timapepala, magulu n'kumaziika m'milu itatu pofunsa funso limodzi: s ameneyu akugwira ntchito yanji, ya kuchuluka, ya umwini kapena ya mneni? Mikangano yomwe inkabuka m'magulu pa timapepalati inali yaphindu kuposa kufotokoza kwanga. Mnyamata uja anasintha msanga. Atangoona kuti pali njira yotsimikizira yankho monga pa masamu, anayamba kuikonda, ndipo kumapeto kwa teremu anzake ankamufunsa iyeyo.

Mpatuliro

Tinayamba ndi ntchito zosavuta kuziona. Pa mndandanda wa zinthu ndinalemba "I bought fish oil and salt" n'kufunsa kuti m'jumbo muli zinthu zingati. Ena anati ziwiri, ena zitatu, ndipo onse anali ndi mfundo mpaka mpatuliro utalowa pakati pa fish ndi oil. Za mpatuliro womaliza, uja woikidwa and asanabwere, ndinatsata mabuku athu omwe kawirikawiri sauika, koma ndinawauza kuti auike ngati kuusiya kungasokoneze. Ndinawasimbira za mlandu wa ku Maine ku America, pomwe madalaivala a kampani ya mkaka ya Oakhurst Dairy anakasuma pa za malipiro a ovataimu. Mkanganowo unagona pa mpatuliro umodzi womwe munalibe m'lamulo la chigawocho. Khoti linaweruza mokomera madalaivala mu 2017, ndipo mu 2018 kampaniyo inavomera kulipira madola 5 miliyoni. Mpatuliro wopatula dzina la munthu amene ukumuyankhula, monga "Thank you, Madam", ndi wa pambuyo pa mawu otsogolera chiganizo monga "After school," sanavute kwenikweni.

Chovuta chinali mpatuliro wolumikiza ziganizo zathunthu, ndipo pano ndifotokoza za mtsikana wina. Anali wamkulupo pa anzake, anabwerezapo kalasi, ndipo masiku a msika ankathandiza mayi ake kugulitsa kabichi m'mphepete mwa msewu wa M1. Pa kusimba nkhani panalibe womuposa. Zimangirizo zake zinali ndi moyo, koma zinkabwerera zili ndi malikisi ochepa. Analemba motere: "We reached the market at six, my mother arranged the cabbages, a lorry came from Blantyre, the driver bought everything, we went home happy."

Ndinamupempha andisimbire nkhani yomweyo m'Chichewa. Anati: tinafika pamsika m'mamawa, mayi n'kuyala kabichi, lole n'kutulukira kuchokera ku Blantyre, dalaivala n'kugula yense. Ndinalemba monga ananenera, ndipo mipatuliro yonse inali m'malo mwake. M'Chichewa nthambi za n'kuyala ndi n'kugula siziima pazokha, zimatsamira pa mneni woyamba uja, tinafika. N'chifukwa chake mpatuliro umakwana. Mtsikanayu ankasimba Chingerezi ndi kayendedwe ka Chichewa chabwino. Koma m'Chingerezi nthambi iliyonse ya nkhani yake inatuluka ili ndi mwininkhani wake ndi mneni wake wathunthu, kutanthauza kuti iliyonse ndi chiganizo choima pachokha. Ndinamuuza kuti sanalakwe kuganiza, kungoti ziyankhulo ziwirizi zimamanga mosiyana. Nkhope yake inamasuka. Ndikhulupirira kuti ana ambiri omwe timawalembera kuti "use full stops" chaka ndi chaka ali pa vuto lomweli, ndipo mawu athu ofiirawo sawauza kanthu.

Kalasi ndinaiuza kuti kumanga ziganizo ziwiri zathunthu ndi mpatuliro kuli ngati kumanga mbuzi ziwiri ndi ulusi wosokera. Poyesa, mwana aike chala pa mpatuliro, awerenge za kumanzere pazokha, kenaka za kumanja pazokha. Ngati mbali zonse ziwiri zingaime ngati ziganizo, mpatuliro wokha sukwana. Atha kuika mpumiro, atha kulowetsa mlumikizi monga and, but kapena so, apo ayi atsamiritse nthambi imodzi pa inzake poyamba ndi when, after kapena because. Njira yomalizayi ndi yomwe mtsikana uja anaikonda, chifukwa inamubwezera kutsamirana kwa nthambi komwe anazolowera. Ndime yake inakhala: "When we reached the market at six, my mother arranged the cabbages. A lorry came from Blantyre and the driver bought everything. We went home happy." Ndinasamala kuti asangodula nkhani yake m'tiziganizo tating'onoting'ono topanda kukoma. Mwana amene waopsezedwa ndi mpatuliro amathawira ku zimenezo, ndipo timakhala tapha wolemba pofuna kukonza chizindikiro. N'chifukwa chake kawirikawiri tinkachitanso ntchito yolumikiza: ndipereke ziganizo zitatu zazifupi, gulu lililonse lizimange kukhala chimodzi m'njira yake, kenaka tikambirane pomwe mpatuliro wagwa ndi chifukwa chake.

Pa mpatuliro wa pakati pa mwininkhani ndi mneni, lamulo linali lalifupi: wochita ndi chochita chake salekanitsidwa ndi mpatuliro umodzi, ngakhale pakamwa patapumira.

Kukonzerana awiriawiri

Ndi kalasi yaikulu chotere sindikanatha kukhala ndi mwana aliyense, choncho ana ankasinthana makope. Wowerenga sankaloledwa kulemba m'kope la mnzake. Ankangoika kadontho ka pensulo m'mphepete n'kufunsa kuti chizindikiro ichi chikugwira ntchito yanji, mwini kope n'kuyankha ndi kukonza. Popanda lamuloli ana okhoza amalanda kope n'kukonza zonse, mnzawo atapinda manja. Ndinapezanso kuti kuphatikiza wokhoza kwambiri ndi wovutika kwambiri sikuyenda. Ana osiyana pang'ono ndiwo amakambirana.

Januwale ndi Febuluwale ndi miyezi ya mvula ndi njala, ndipo kujomba kunali kwakukulu. Mafunso oyesera aja tinawalemba pa katoni n'kupachika pakhoma, kuti wobwera patapita masiku awapeze ndipo mnzake amufotokozere.

Pomwe tinafika

Kumapeto kwa teremu ndinapereka ntchito ziwiri: ndime yanga yoti akonze, ndi chimangirizo chawo chatsopano. Pa ndime yokonza ana ambiri anachita bwino, ndipo chomwe chinandisangalatsa n'chakuti ankatha kunena chifukwa cha chizindikiro chilichonse. Pa chimangirizo chawo zinthu zinali zosakanikirana. Nkhodolero ya mawu ofupikitsa inakhazikika. Ya mwini mmodzi inkaoneka bwino mwa ambiri, ndipo nkhodolero za pa mayina ochuluka zinachepa kwambiri. Ya eni ambiri inali yogwedera. Its ndi it's zinkasokonekeranso mwana akamalemba mothamanga, koma ndikaika kadontho ankapeza yekha, zomwe sizinkachitika teremu yoyamba.

Kusiyana kwa ntchito ziwirizi sikundidabwitsa. Mwana akamalemba nkhani yake m'chiyankhulo chachiwiri, mutu wake uli pa kusaka mawu ndi nthawi ya mneni, ndipo zizindikiro zimatsalira. N'chifukwa chake ndinawaphunzitsa kusiya mphindi zisanu kumapeto kwa chimangirizo chilichonse, ngakhale pa mayeso, kuti adutsemo kawiri: ulendo woyamba ayang'ane s aliyense wakumapeto, wachiwiri aike chala pa mpatuliro uliwonse.

Panali kagulu ka ana omwe njirayi sinawafike. Awa ndi omwe sanathe kuzindikira mneni m'chiganizo cha Chingerezi, ndipo kwa iwo funso loti kodi mbali iyi ingaime payokha linalibe tanthauzo. Amafunika kubwerera ku chiganizo chenicheni, mwininkhani ndi mneni, ndipo ndapempha a hedi kuti tiwapezere nthawi yapadera masana m'teremu yachitatu. Ndakambirananso ndi mphunzitsi wa Sitandade 8 kuti kadontho ka m'mphepete ndi kamuvi zipitirire chaka chamawa, ndipo aphunzitsi a Social ndi a Agriculture avomera kuika kadontho komweko pochonga manotsi.

Mtsikana wa kabichi uja tsopano amagwira mipatuliro yake yambiri asanapereke kope. Yomwe imamuzembabe ndi ya pamaso pa then ndi however, monga "We sold the cabbages, then we went home, however the money was little." Mawu awiriwa amamveka ngati alumikizi, ndipo ana ambiri m'kalasimo amawatenga choncho. Teremu yachitatu tiyambira pa iwowa, pogwiritsa ntchito makalata omwe ana adzalembere anzawo a Sitandade 8 owafunira mafuno abwino pa mayeso.